Kusiyira bungwe la achinyamata gawo la chuma mu wilo: zimalembedwa bwanji kuti mphatsoyo ikafikedi?

Mthunzi_wa_Mbawa
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Tiyerekeze munthu ali ndi nyumba imodzi ya lizi m'tauni, galimoto, kangachepe ku banki ndi penshoni. Ali ndi mkazi ndi ana atatu. Akufuna kuti akadzatsikira kuli chete, kachigawo ka chuma chake kadzapite ku bungwe la achinyamata, kaya ndi a Scout, a Girl Guides, kapena kalabu ya achinyamata ya kumudzi kwawo. Kodi malamulo athu amalola? Nanga alembe chiyani kuti abale asadzazikhotetse pa tsiku logawa katundu?

Kambuzi
Ana atatu onsewo akhuta kale kuti mpaka muziganizira ana a eni?

Chikwanje
A Kambuzi, funso liyankhidwe kaye, zonyoza pambuyo.

Lamulo lilipo ndipo limalola. Ndi Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act ya 2011, yomwe inalowa m'malo mwa Wills and Inheritance Act ya 1967. Chofunika kumvetsa choyamba ndi ichi: popanda wilo, bungwe silipeza ngakhale tambala. Munthu akamwalira osalemba, lamulo limagawira mkazi kapena mwamuna wake, ana ndi ena omwe ankadalira iye. Mawu a pakamwa oti "kanyumba kaja mudzapatse anyamata a mpira" amathera pa maliro pomwepo.

Kuti wilo iime pa khoti: ikhale yolembedwa, wolembayo akhale wamkulu ndiponso mutu wake ukhale ukuyenda bwino, asaine pamaso pa mboni ziwiri zomwe zilipo nthawi imodzi, ndipo mbonizo zisaine iye akuona. Mawu oti "nthawi imodzi" ndi amene amagwetsa mawilo ambiri. Munthu amasaina kunyumba Lolemba, Lachitatu n'kupititsa pepala kwa mnzake wa kuntchito, Lamulungu kwa mkulu wa mpingo. Siginecha zilipo zitatu, koma wilo palibe. Wosadziwa kulemba adinde chala, koma amuwerengere kaye zonse m'chinenero chomwe amamva, mboni zikumva nawo.

Namulondola
Ndiwonjezere za mboni. Asakhale mkazi, mwana, kapena wina aliyense wotchulidwa kuti adzalandira kanthu. Pa nkhani yathuyi, asakhalenso tcheya, msungichuma kapena wogwira ntchito wa bungwe lomwe likupatsidwalo. Musamuuze wa bungwe kuti akulembereni, asakuperekezeni kwa loya, asakhale m'chipinda posaina. Abale akafuna kugwetsa mphatso amalowera pomwepo: "bambo athu anachita kuwanyengerera." Tengani anthu awiri opanda nawo mbali, ocheperapo msinkhu kuposa inu kuti adzapezeke ali moyo, ndipo alembe maina onse, nambala za chiphaso cha unzika ndi komwe amakhala.

Ngati wolembayo ndi wokalamba kwambiri kapena akudwala, kalata ya dokotala ya tsiku lomwelo yonena kuti amazindikira zomwe akuchita imatseka pakamwa pambiri.

Mai_a_Mapasa
Koma funso la a Kambuzi si lopusa ayi. Ufulu wolemba wilo uli ndi malire. Lamulo la 2011 lomwelo limapatsa khoti mphamvu yoti, ngati wilo sinasamale mokwanira mkazi, mwamuna kapena ana, lidule pa chumacho n'kuwapatsa. Ndiye ukalemba kuti theka lipite ku bungwe, chonsecho mwana womaliza ali fomu 2, mphatso ya bungweyo ndiyo idzayambe kumetedwa. Ndipo ana onse ndi ana, a m'banja ndi a kunja omwe. Kumubisa mwana mu wilo sikumufufuta pa khoti.

China chomwe abambo amaiwala: umapereka chako chokha. Nyumba yomwe munamanga awiri ndi akazi anu si yanu yonse, ngakhale pa pepala pali dzina lanu lokha. Gawo la mayiwo silingalowe mu wilo yanu.

Mthunzi_wa_Mbawa
Zikomo mayi. Ndiye alembe ndalama zingati? Mwachitsanzo K5,000,000?

Chikwanje
Apa ndiye pagona nkhani yonse. Njira zilipo zitatu: kutchula ndalama, kutchula chinthu, kapena kutchula gawo la zotsala. Ine ndimati gawo la zotsala, ndipo zifukwa ndi ziwiri.

Choyamba ndi kwacha. Inatsitsidwa mphamvu mu Meyi 2012, inatsitsidwanso ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Munthu amene analemba K500,000 mu 2011 ankaganiza kuti akusiya chinthu cholozeka. Lero ndalama imeneyo ndi mipira ingapo ndi mayunifomu a timu imodzi. Wilo imakhala m'kabati zaka 15 kapena 20, nambala yomwe munalemba siikula.

Chachiwiri ndi dongosolo la kalipiridwe. Woyendetsa chuma, munthu amene mwamusankha mu wilo kuti adzagawe chuma chanu, amayamba ndi za maliro, zolipira poyendetsa chumacho, ngongole ndi misonkho. Akatero amapereka mphatso zotchulidwa ndi nambala kapena ndi dzina. Zotsala ndiye zimagawidwa pomaliza. Ana nthawi zambiri amakhala m'gulu la zotsalazo. Taonani chitsanzo, nambala ndangopeka kuti zimveke. Polemba wilo munthu ali ndi K30,000,000 kupatula nyumba, walemba K5,000,000 ya bungwe, zotsala za ana. Kenako wadwala zaka ziwiri, chipatala chadya, pomwalira patsala K9,000,000. Maliro ndi ngongole zatenga K3,000,000. Bungwe litenga K5,000,000 yake yonse, ana atatu agawana K1,000,000. Si zomwe mwini wake ankafuna, ndipo mlandu wayamba pamenepo. Akanalemba 10 peresenti ya zotsala, bungwe likanalandira K600,000, ana K5,400,000. Chuma chikakula mphatso imakula nacho, chikachepa imachepa nacho.

Fisi_Wakale
Ndikutsutsako pang'ono, achimwene. Peresenti ili ndi minga yake. Bungwe likakhala ndi gawo la zotsala, lili ndi ufulu wofunsa ndondomeko ya chuma chonse: nyumba inawerengedwa pa mtengo wanji, galimoto anagula ndani, bwanji maliro anadya zochuluka chonchi. Mayi wamasiye n'kumayankha mafunso a komiti ya anyamata a zaka 25. Komanso ngati nyumba ili m'kati mwa zotsalazo, 10 peresenti ya nyumba muidula bwanji? Mapeto ake nyumba igulitsidwa kuti bungwe lipeze gawo lake.

Chikwanje
Mwanena zoona. Mankhwala ake ndi kuichotsa nyumba m'zotsala. Ndime yoyamba: nyumba ya pa puloti nambala yakuti ndikusiyira mkazi wanga ndi ana. Ndime ina: katundu wa m'nyumba ndi wa mkazi wanga. Peresenti ikhudze ndalama, masheya ndi zina zogulitsika mosavuta. Kapena phatikizani ziwirizo: "10 peresenti ya zotsala, koma isapitirire ndalama zakuti." Za kufunsa ndondomekozo, ine ndimaona ngati ndi phindu. Woyendetsa chuma akadziwa kuti pali wina wakunja amene adzafuna kuona mapepala, dzanja lake limafupika.

Bwande
Nanga kungonena kuti "galimoto yanga ipite ku kalabu"? Sizophweka?

Namulondola
Ndi zophweka kulemba, zovuta kufika. Mukalemba Toyota ya nambala yakuti, n'kuigulitsa musanamwalire, mphatsoyo yafa. Bungwe silingatenge galimoto yatsopanoyo, silingafunsenso mtengo wa yakaleyo. Mukafuna, lembani kuti "galimoto iliyonse yomwe ndidzakhale nayo pa tsiku la imfa yanga." Koma dzifunseni ngati kalabu ingakwanitse inshulansi, COF, matayala ndi mafuta. Zambiri zimathera pa njerwa kuseri kwa ofesi. Bola kulamula kuti igulitsidwe, ndalama zipite ku akaunti ya bungwe.

Wa_pa_Kauntala
Ndikumbutse za penshoni, poti a Mthunzi anaitchula. Imeneyo siidutsa mu wilo. Imatsata fomu yomwe munalemba kwa osunga penshoni yotchula odzalandira, ndipo lamulo la penshoni, la 2011 lija komanso la 2023 lomwe linalowa m'malo mwake, limayang'ana mkazi kapena mwamuna, ana ndi abale apafupi. Kulemba mu wilo kuti "penshoni yanga ipite kwa a Scout" ndi kutaya inki. Inshulansi ya moyo yomwe munatchulapo wodzalandira nayonso imapita kwa munthu ameneyo. Ku SACCO kulinso fomu yakeyake. Ndiye powerenga chuma chomwe wilo idzagawe, zimenezi zichotseni kaye, mungadabwe kuti chotsala n'chochepa bwanji.

Mbali inayi, zimathandiza. Ngati penshoni ndi inshulansi zasamala kale mayi ndi ana, n'kovuta kuti wina adzanene kuti kamphatso ka bungwe kawasiya pa dzuwa.

Kambuzi
Ine ndikadali pomwe ndinali. Chibale ndi fupa, sichiola. Munthu uli ndi ana a alongo ako osowa fizi, iwe n'kumasiyira bungwe lomwe mabwana ake akuyendera ma Land Cruiser?

Mai_a_Mapasa
Mwana wa mnzako ngwako yemwe, a Kambuzi. Miyambi tili nayo tonse. Ndipo palibe chokuletsani kulemba ana a alongo anu mu wilo yomweyo. Popanda wilo ndiye amene angatsale manjamanja.

Tcheya_Wopuma
Za ma Land Cruiser zisatitayitse nthawi, koma a Kambuzi akhudza chinthu chenicheni: kodi bungwelo mwalifufuza? Ndipo kodi lilipo pamaso pa lamulo?

Kuno mabungwe okhazikika amalembetsedwa mwa njira ziwiri makamaka. Ena pansi pa Trustees Incorporation Act, lamulo lolembetsa matrasti, anthu osungira bungwe chuma chake, ndipo dzina lawo la pa satifiketi limayamba ndi mawu oti "The Registered Trustees of". Ena ndi makampani osagawa phindu pansi pa Companies Act ya 2013. Amene ali NGO amayeneranso kulembetsa ku NGORA, ofesi ya boma yoyang'anira ma NGO, yomwe kale inkatchedwa NGO Board lamulo lisanasinthidwe mu 2022, ndipo amayenera kuperekako malipoti a chaka ndi chaka. Mabungwe a achinyamata amalembetsanso ku National Youth Council of Malawi, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996.

Musanalembe kanthu, pemphani zinthu zinayi: kope ya satifiketi yolembetsera, malamulo oyendetsera bungwe, lipoti la chuma lomwe linaunikidwa ndi akatswiri la zaka ziwiri zapitazi, ndi umboni woti akaunti ya ku banki ili m'dzina la bungwe ndipo amasainira anthu osachepera awiri. M'malamulo awo werengani ndime ya zomwe zimachitika bungwe likatha: katundu amapita kuti? Ngati yankho ndi loti mamembala amagawana, thawani. Akakupatsani nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ya munthu mmodzi kuti "ndi ya kalabu," thawaninso.

Dzina mulikopere chilembo ndi chilembo kuchokera pa satifiketi, pamodzi ndi nambala yake ndi keyala. "Gulu la achinyamata la kwathu" si dzina. Pa boma limodzi pamatha kukhala makalabu atatu otchedwa Tiyanjane, onse adzabwera ndi chidindo.

Bwande
Nanga makalabu a kumudzi omwe amangodziwika ku ofesi ya achinyamata ya pa boma? Satifiketi ya matrasti alibe. Ndiye kuti iwowa asalandire?

Tcheya_Wopuma
Angathe kupindula, koma osati kupatsidwa m'manja. Kalabu yotere pa lamulo ndi gulu chabe la anthu. Siingakhale ndi malo m'dzina lake, ndipo mamembala amasintha chaka ndi chaka: wina wakwatiwa, wina wapita ku Joni, wina wapyola zaka 35 zomwe ndondomeko ya boma imati ndi malire a unyamata. Njira ndi ziwiri. Yoyamba, perekani kwa kholo lolembetsedwa, mwachitsanzo matrasti a mpingo kapena likulu la bungwe, n'kulemba kuti ndi zothandizira achinyamata a dera lakuti. Gulu la Scout la pa sukulu lili pansi pa bungwe la Scout la dziko lonse, nthambi ya achinyamata a mpingo ili pansi pa sinodi kapena dayosisi. Yachiwiri, sankhani matrasti anu awiri kapena atatu mu wilo momwemo kuti asunge ndalamazo n'kumagulira kalabu zofunika. Njira yachiwiriyi popanda loya musayerekeze.

Fisi_Wakale
Ndipo mabungwe amafa, anthuni. Ndani mu 1985 akanakhulupirira kuti Malawi Young Pioneers idzatha? Mabesi m'maboma, minda, magalimoto. Disembala 1993 asilikali anachita Operation Bwezani yolanda apayoniyawo zida, nkhani inathera pomwepo.

Kambuzi
Apayoniya mukuwatcha bungwe lachifundo? Amene ankatseka pa chipata cha msika kufuna khadi la chipani aja?

Gogo_Chalo
Koma ulimi ndi umisiri ankaphunzitsa, zimenezo musawalande.

Kambuzi
Ankaphunzitsanso mbama.

Mthunzi_wa_Mbawa
Akuluakulu, za apayoniya titsegulire tsamba lina. A Fisi, mfundo yanu inali yoti bungwe likatha mphatso imatani?

Fisi_Wakale
Eya. Ngati bungwe latha inu musanamwalire ndipo wilo sinanene china, mphatsoyo ikhoza kugwa n'kubwerera m'zotsala, kapena nkhani ipite ku khoti kuti likaone ngati pali bungwe lofanana nalo. Ndalama zothera pa maloya zingapose mphatso. Chiganizo chimodzi chimatseka dzenje limeneli. Kalembedwe kake kangakhale kotere, loya wanu adzakonza:

"Ndikupereka magawo 10 pa 100 alionse a zotsala za chuma changa kwa [dzina lonse la pa satifiketi, nambala yolembetsera, keyala], kuti zigwire ntchito zake zothandiza achinyamata. Ngati pa tsiku la imfa yanga bungweli lidzakhale litatha, litasintha dzina kapena litaphatikizana ndi lina, oyendetsa chuma changa apereke mphatsoyi kwa bungwe lomwe lalowa m'malo mwake, kapena kwa bungwe lina lolembetsedwa lomwe ntchito zake zikufanana kwambiri ndi zimenezi. Lisiti yosainidwa ndi msungichuma wa bungwe idzakhala umboni wokwanira woti mphatso yaperekedwa."

Chiganizo cha lisiticho chimateteza woyendetsa chuma, kuti asadzafunsidwe kulondola ndalama mpaka ku bwalo la mpira.

Namulondola
Onani mawu oti "ntchito zake zothandiza achinyamata" m'chitsanzo cha a Fisi. Ndi otakasuka dala. Anthu amakonda kumanga mphatso ndi zingwe zambiri: "zimangire holo yokhala ndi dzina langa," "zigulire makompyuta 20." Ikafika nthawi, ndalama sizikwana ngakhale maziko, kapena holo anamanga kale ena, ndipo bungwe silingagwiritse ntchito ndalamazo pa china popanda kupita ku khoti. Kusiyana kwake kuli pa mawu awiri. "Ndikulamula kuti" ndi chingwe. "Ndikulakalaka kuti, koma sindikukakamiza" ndi chikhumbo chomwe bungwe labwino lidzatsata likatha kutero.

Mai_a_Mapasa
Apa sindikuvomerezani kwathunthu. Mukamasula zonse, ndalama zithera ku maalawansi a misonkhano ku nyanja. Kuli bwino chingwe chotakasuka koma chikhalepo: "za maphunziro ndi luso la achinyamata a m'boma la Dedza," kapena "fizi ya atsikana a ku sekondale." Osatchula sukulu imodzi, osatchula nambala ya ana. Ndipo onjezani kuti cholingacho chikadzakhala chosatheka, matrasti asankhe china choyandikana nacho.

Namulondola
Pamenepo tagwirizana, mayi. Chomwe ndikukana ndi chingwe chothina pa ndalama yochepa.

Wa_pa_Kauntala
Chimodzimodzi ndi maganizo a thumba losatha, loti ndalama isungidwe n'kumadya chiwongoladzanja chokha. Zimamveka bwino, koma werengani. Ngati ku banki mukupeza chiwongoladzanja chochepera kukwera kwa mitengo, ndipo chonsecho mukuchidya, thumbalo likuonda chaka chilichonse ngakhale nambala ya m'buku siikusintha. Pa ndalama yochepa, bola kulola kuti idyedwe yonse m'zaka zisanu kapena khumi, ana angapo amalize sukulu, nkhani ithe. Thumba losatha limafuna ndalama yaikulu, matrasti odziwa kuika ndalama m'masheya a pa Malawi Stock Exchange kapena m'nyumba za lendi, ndi lamulo loti gawo la phindu lizibwerera m'thumba.

Gogo_Chalo
Malo bwanji? Ambirife ndalama tilibe koma minda.

Chikwanje
Agogo, pa malo pondani mosamala. Malo a lizi kapena a freehold (umwini wopanda malire a zaka) omwe ali m'dzina lanu angathe kulowa mu wilo. Koma bungwe likhale loti lingakhale ndi malo m'dzina lake, ndipo kusintha umwini kumadutsa ku ofesi ya za malo, kumafuna kuti lendi ya malo ndi msonkho wa ku khonsolo zikhale zolipira. Munda wa makolo ndi nkhani ina. Ngakhale Customary Land Act ya 2016 inatsegula njira yolembetsa malo a kumudzi, dimba lomwe munalandira kwa amalume, lomwe mbumba yonse imaloza kuti ndi lathu, mukalilemba kwa bungwe mwawasiyira anyamatawo nkhondo. Kwa ife a chikamwini, munda wa kuchikazi si wa mkamwini n'komwe. Mukafunadi kuti kalabu ipeze bwalo, chitani muli moyo, mfumu ndi mwini mbumba ali pomwepo, mapepala asainidwe.

Ndugu_wa_ku_Mangochi
Kwa Asilamu muyeso ulipo kale. Munthu angathe kusiyira anthu kapena ntchito zachifundo zomwe sizili m'gulu la olowa chuma mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma chake, ngongole ndi za maliro zitachotsedwa. Kupyola apo pamafunika chilolezo cha olowa chumawo. Koma chikhumbocho chilembedwebe motsata lamulo la dziko, ndi mboni ziwiri zija, chifukwa ku banki sadzafunsa zomwe munauza shehe, adzafuna pepala la ku khoti.

Wa_ku_Leeds
Kwa amene ali kuno ku UK, msonkho umasintha masamu. Chuma chopyola £325,000 chimakhomeredwa 40 peresenti. Mphatso yopita ku bungwe lachifundo siikhomeredwa, ndipo mukapereka 10 peresenti kapena kuposa ya gawo lokhomeredwalo, msonkho wa zotsala umatsika kufika 36 peresenti. Koma mwayi umenewu ndi wa mabungwe olembetsedwa kuno. Mukalemba bungwe la ku Zomba kapena ku Mzuzu mwachindunji, musauyembekezere. Njira ndi kupereka ku bungwe la kuno lomwe limagwira ntchito ndi achinyamata ku Malawi, ndipo alipo ambiri, makamaka ku Scotland.

Amene ali ndi katundu m'maiko awiri amalemba mawilo awiri, ina ya kuno ina ya kumudzi. Chenjerani ndi chiganizo chomwe maloya amayamba nacho chija, choti "ndikufafaniza mawilo onse akale." Chikalembedwa chomwecho mu yachiwiri, chapha yoyamba. Iliyonse inene kuti ikukhudza katundu wa dziko lakuti lokha.

Wa_ku_Chipata
Kuno ku Zambia, ukafa osalemba, lamulo la 1989 linadula kale: 50 peresenti ana, 20 mkazi kapena mwamuna, 20 makolo, 10 odalira. Bungwe mulibemo. Ndiye nkhani ndi yomweyo, lembani.

Kambuzi
Chabwino, mwandigonjetsa pa malamulo. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Bwanji osangopereka uli moyo, uone ndi maso ako mipira ikugulidwa?

Tcheya_Wopuma
Apa mwalasa, a Kambuzi, ndipo ziwirizi sizilimbana. Kupereka pang'ono uli moyo ndiyo njira yabwino yoyesera bungwe. Apatseni kandalama chaka chino, muone ngati lisiti ibwera osaikumbutsa, ngati adzakuuzani zomwe agula. Amene walephera kulongosola K100,000 sangalongosole mamiliyoni. Ubwino wa wilo ndi woti chuma chimakhalabe chanu mpaka tsiku lomaliza. Mukadwala mudya chomwecho, bungwe likasokonekera musintha.

Mthunzi_wa_Mbawa
Kusinthako kumatheka bwanji? Kungofufuta dzina n'kulemba lina pamwamba?

Namulondola
Ayi ndithu. Kukhwatcha ndi cholembera pa wilo yosainidwa kale kumabala mlandu. Lembani chikalata chowonjezera, chomwe maloya amati codicil, chisainidwe ndi mboni ziwiri monga wilo yeniyeniyo, chisungidwe pamodzi nayo. Zosintha zikachuluka, lembani yatsopano, yakaleyo muing'ambe nokha. Muionenso wilo mukakwatira kapena kukwatiwa, ukwati ukatha, mwana akabadwa, mukagula kapena kugulitsa nyumba. Ukwati watsopano makamaka ukhoza kugwetsa wilo yakale, mphatso ya bungwe n'kugwera limodzi.

Tizinthu ting'onoting'ono: ikani tsiku, ikani nambala pa tsamba lililonse, sainani tsamba lililonse inu ndi mboni, cholembera chikhale chimodzi. Mukamanga ndi stepula musamasulenso, mabowo owonjezera amabweretsa funso loti panachotsedwa tsamba.

Mai_a_Mapasa
Ndipo isasungidwe pansi pa matiresi. Amene amayamba kulowa ku chipinda pa tsiku la maliro ndi omwewo amene wilo ingawakhumudwitse. Khoti limafuna yeniyeni, osati fotokope. Isungitseni ku High Court, kwa DC, kwa loya kapena ku banki, ndipo woyendetsa chuma adziwe komwe ili. Kulanda katundu wa masiye ndi mlandu wopita nawo ku ndende pansi pa lamulo la 2011, koma wilo ikasowa, bungwe lilibe poyambira kudandaula.

Bwande
Woyendetsa chumayo akhale ndani? Mwana woyamba?

Chikwanje
Angathe, lamulo sililetsa wodzalandira kukhala woyendetsa. Koma ganizani: mukumuuza mwana kuti achotse ndalama m'thumba lomwe akanagawana ndi abale ake, akapereke kwa alendo. Ikani awiri, wa m'banja mmodzi ndi wakunja mmodzi, kaya loya kaya munthu wokhulupirika, ndi wachitatu wodzalowa m'malo wina akamwalira kapena akakana. Afunseni kaye. Loya amalipidwa kuchokera m'chumacho, ndiye mvanani za mtengo muli moyo. Ntchito yawo ndi kutenga kalata ya imfa, kulemba ndandanda wa chuma ndi ngongole, kuthana ndi za msonkho wa chuma cha masiye, kupempha chilolezo cha khoti chomwe amati probate, kenako kugawa. Kawirikawiri banki siitulutsa ndalama za mu akaunti ya malemu popanda chilolezocho. Zimatenga miyezi, kawirikawiri kupyola chaka, ndiye bungwe lisapange bajeti pa ndalama imeneyi. Amene sangakwanitse loya ayambire ku Legal Aid Bureau.

Fisi_Wakale
Funso lomwe latsala: kuwauza kapena ayi? Ine ndimati bungwe liuzidwe pang'ono, kalata yachidule kwa matrasti yoti mwawakumbukira mu wilo ndipo woyendetsa chuma ndi wakuti, osatchula kuchuluka kwake. Akapanda kudziwa sadzafunsa, ndipo chosafunsidwa chimasowa.

Gogo_Chalo
Kuwauza a bungwe n'kuitana mavuto. Mawa ayamba kubwera ndi nkhuku kudzakuzondani, abale aona, ufiti wayamba kutchulidwa.

Mai_a_Mapasa
N'chifukwa chake oyamba kumva akhale a m'nyumba, agogo. Mkazi kapena mwamuna, ana akuluakulu, ndi mwini mbumba ngati mawu ake amamveka pa banjapo. Chomwe chimapsetsa mtima si 10 peresenti, koma kuimva koyamba pakamwa pa loya anthu atangometa kumene. Siyaninso kakalata ka m'manja mwanu, kosiyana ndi wilo, kofotokoza chifukwa chomwe mwasankhira bungwelo. Sikamanga aliyense pa lamulo, koma kamaonetsa kuti maganizo anali anu, ndipo woweruza angathe kukawerenga wina akadzati munapusitsidwa. A bungwe auzidwe ndi kalata, osati pa msonkhano, ndipo muwauze kuti simukufuna kuthokozedwa pa gulu.

Mthunzi_wa_Mbawa
Lomaliza. Wilo yolembedwa m'Chichewa imagwira, kapena mpaka Chingerezi?

Chikwanje
Imagwira, bola ikwaniritse za kusaina ndi mboni zija. Ku High Court mapepala amayenda m'Chingerezi, ndiye idzafunika kumasuliridwa, ndipo pomasulira ndi pomwe mawu amapotoka. Pewani mawu a matanthauzo awiri. "Ana anga" kwathu kuno amakhudza ndi a achimwene omwe, ndiye tchulani maina. "Katundu wanga" wina adzati ndi mipando yokha, wina adzati ndi nyumba yomwe. Nambala zilembeni kawiri, m'manambala ndi m'mawu. Dzina la bungwe lokha musalimasulire, lisiyeni m'mene lilili pa satifiketi.

Kambuzi
Nanga mbuzi zisanu angalandire a bungwewo?

Tcheya_Wopuma
Angalandire. Lembani "mbuzi zisanu mwa zomwe zidzakhale m'khola pa tsiku la imfa yanga, zosankhidwa ndi woyendetsa chuma," apo ayi adzawapatsa atonde okhaokha.